ZA ZISA ZA MBALAME PA NYUMBA ZATHU

Pakati pa alendo onse akufika pakhomo pathu alipo ena amene sanena odi, ndipo sapita kwa amfumu kukapempha malo. Angofika, nayang'ana pansi pa tsindwi kapena m'nthambi za mtengo wa pabwalo, nayamba kumanga. Alendo amenewa ndiwo mbalame za kuchire. Ndipo ngakhale ziri zazing'ono, ziutsa mirandu m'mabanja ambiri caka ndi caka, makamaka pa nyengo yofolera nyumba. Amai adandaula cifukwa ca zitosi pakhonde limene anazira dzulo lomwe; abambo afuna kusasula udzu wakale mvula isanagwe; anyamata akonzeratu malegeni ao; ndipo agogo sagona tulo cifukwa kadzidzi walira pa denga. Tsono ife, amene takhala zaka zambiri pansi pa tsindwi limodzi ndi mbalame zimenezi, tati tikulembereni mwezi uno zimene taona ndi maso athu ndi zimene taphunzira kwa anthu odziwa, kuti banja liri lonse lizindikire cisa coyenera kucileka, cisa coyenera kucicotsa, ndi nthawi yace yocicotsera.

Anthu owerenga mbalame apeza mitundu ngati 650 m'dziko la Malawi, koma yomanga pa nyumba za anthu njowerengeka. Tiyambe ndi namzeze, pakuti ndiye amanga kufupi ndi mitu yathu. Iye ndiye mmisiri wa dothi. Mwamuna ndi mkazi wace atsikira pa matope a kudambo kapena a pacitsime, natapa pang'ono ndi mlomo, nakamata pa khoma, nabwereranso. Ndipo maulendo ao afika mazanamazana nyumba isanathe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Alipo namzeze wa mutu wofiira ndi cifuwa coyera, wa nthenga ziwiri za kumcira zoonda ngati waya. Ameneyu aumba cisa cotseguka pamwamba, conga theka la mbale. Alipo wina wa cifuwa ca mizeremizere, amene amata cisa cace ku denga, cotsekeka ponse, nacipangira khomo lalitali ngati khosi la botolo. M'kati ayalamo udzu wofewa ndi nthenga. Mkazi aikira mazira awiri, atatu kapena anai, nawafungatira monga masabata awiri. Ana ataswa akhala m'cisa monga masabata atatu, ndipo ngakhale atayamba kuuluka abwerako madzulo kudzagona masiku ena. Kotero kuyambira dzira loyamba kufikira ana atacoka ndithu papita masabata ngati 6. Cisa cikakhala cabwino makolo aikiramonso kaciwiri, nabwerera comweco caka camawa, nangokonza pamene pagumuka.

Koma si anamzeze onse amene amanga kuno. Aja a pakhosi pofiira, amene tiwaona atandanda pa mawaya kuyambira mwezi wa Okutobala kufikira Epulo, ndiwo apaulendo: zisa zao ziri ku Ulaya ndi ku Asia. Kale anthu a ku Ulaya sanadziwe bwino kumene mbalame zao zimuka pa nyengo ya cisanu. Koma m'caka ca 1911 munthu wina ku Staffordshire, m'dziko la England, anabveka namzeze kamphete ku mwendo. Ndipo mu Disembala 1912 mbalame yomweyo inapezedwa ku Natal, ku South Africa, mtunda wa mamailosi ngati 6,000. Taonani, kambalame kosafika ngakhale kulemera kwa dzira la nkhuku kaoloka nyanja ndi cipululu ca Sahara kuti kadzadye touluka ta m'madambo mwathu.

Mpheta zacikasu, zoluka zisa m'nsungwi, m'mabango ndi m'mitengo ya pabwalo, ziri ndi mwambo wina. Pakati pa izo womanga ndiye yaimuna. Ing'amba udzu wauwisi kapena masamba a kanjedza, nimanga mphete pa nsonga ya nthambi, nilukirapo kufikira cisa cilendewera, khomo lace kunsi. Ndipo itatha idzipacika pansi pace nikupiza mapiko kuitana yaikazi. Yaikazi ilowa niyesa nyumbayo. Ikakana, womanga aiphwasula kapena aisiya, nayamba yina. Cifukwa cace mtengo umodzi ukhala ndi zisa zambiri, zobiriwira ndi zouma pamodzi. Njiwa siidzibvuta pomanga: ingosanja timitengo towerengeka, niikirapo mazira awiri oyera, amene nthawi zina aoneka ndi pansi pomwe. Ndipo pa nyumba za malata yacuruka mpheta yina yotuwa, imene makolo athu sanaidziwa. Inadza ndi anthu ku South Africa kucokera ku India ndi ku Ulaya, nifalikira kumpoto, nifika ku Malawi m'zaka za m'ma 1960. Imeneyi ikoka udzu wouma, nsanza ndi nthenga, nizipanikiza m'mipata ya pakati pa khoma ndi malata.

Amene akhala kufupi ndi mtsinje adziwa nyumba ya nanchengwa, imene iposa zonsezi: mulu wa timitengo zikwizikwi pa mphanda ya mtengo, womatidwa matope pa khomo, wolimba kotero kuti munthu wamkuru angathe kuimapo. Iye amanga masabata ambiri, ndipo kawirikawiri asiya nyumbayo namanga yina. Koma yosiyidwayo siikhala bwinja ai: alowamo akadzidzi, abakha a kuchire, njuci, ngakhale njoka. Pano tiphunzira cinthu coyenera kucikumbukira pa nkhani yonseyi, ndico cakuti cisa cakale siciri copanda mwini nthawi zonse. Cisa ca namzeze wa khomo lalitali cilandidwa kawirikawiri ndi mbalame yina yakuda, ya mapiko opindika ngati zenga ndi banga loyera m'cuuno, imene imata nthenga pa khomo. Mukaona nthenga pamenepo, dziwani kuti muli mwini watsopano. Momwemonso zisa zouma za mpheta zoluka zigonedwamo ndi timbalame ta m'maudzu, ndipo tina tiikiramo mazira.

Tsopano tinene za kadzidzi, amene ambiri amuopa. Kadzidzi wa nkhope yoyera samanga cisa. Angofuna malo amdima m'denga la chalichi kapena la sukulu, m'nyumba yakale kapena m'mphako ya mtengo, naikira mazira pomwepo. Afungatira monga mwezi umodzi, ndipo ana akhala monga miyezi iwiri asanauluke. Nthawi yonseyo alira usiku ndi mau osasa kupempha cakudya, ndipo anthu akumva mauwo ati kwadza mfiti. Tidziwa kuti mantha awa ndi akale, ndipo sitinyoza munthu wogwidwa nao; koma Mkristu ayenera kufunsa nchito imene Mulungu anapatsa mbalameyi. Pitani m'mawa pansi pa malo ace: mudzapeza timibulu takuda timene iye alavula. Tiphwanyeni ndi kamtengo, ndipo mudzaona ubweya, mano ndi tizigaza ta makoswe ndi mbewa. Banja limodzi la akadzidzi lidya makoswe ndi mbewa zoposa 1,000 pa caka. Wakupha kadzidzi cifukwa ca malodza acotsa mlonda wa nkhokwe yace yomwe. Ndipo imfa imene aiopa siidza ndi kulira kwa mbalame, pakuti masiku a munthu ali m'manja mwa Mulungu yekha.

Anamzeze nao adya touluka tokhatokha, nagwira nchenche, ngumbi ndi tizirombo tina mlengalenga kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Ndipo ngakhale mpheta zodya mbeu zidyetsa ana ao mbozi ndi ziwala. Sitibisa kuti mbalame zina ziononga minda. Alimi a mpunga ndi mapira ku cigwa ca Shire ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa adziwa mtambo wa mpheta za milomo yofiira, ndipo kuingitsa mbalame pa munda si chimo ai. Koma zimenezo zimanga kutali m'minga ndi m'mabango, ndipo mlandu wao sitiyenera kuusenzetsa kambalame ka pakhonde. Boma la China m'caka ca 1958 linalamula anthu onse kupha mpheta ndi kuphwasula zisa zao, poyesa kuti lipulumutsa dzinthu. Zinafa zosawerengeka, koma dzombe ndi tizirombo tina tinacuruka m'minda popanda wotidya, ndipo ici cinaonjezera pa zifukwa zina za njala yaikuru ya 1959 mpaka 1961, imene inapha anthu mamiliyoni ambiri. M'caka ca 1960 lamulo lopha mpheta linalekedwa.

Koma tsono walira mvula walira matope. Tikanena kuti mbalame pa nyumba sizibvuta konse, amai osesa pakhonde adzatiyesa abodza. Buku la Tobiti, limene liri m'Malembo Oyera a Cipangano Cakale, lisimba za munthu wolungama amene, atacoka koika maliro, anagona kunja m'mbali mwa khoma nkhope yace yosapfunda, osadziwa kuti pamwamba pali mbalame. Zitosi zinamgwera m'maso, nakhala wakhungu, kufikira mwana wace Tobia anamciritsa ndi ndulu ya nsomba monga anamlangiza mngelo Rafaele. Cotero ngakhale munthu wa Mulungu ayenera kupenya kumwamba asanayale mphasa. Zitosi zikagwera m'cakudya kapena m'madzi akumwa zidwalitsa, ndi pfumbi lace, likauma, lingathe kutengera nthenda m'cifuwa. M'cisa mukhala utitiri ndi tizirombo tina toyamwa magazi, timene, ana a mbalame atacoka, titsika kufuna magazi ena m'nyumba ndi m'khola la nkhuku. Udzu wouma wopanikizidwa kufupi ndi moto wa kukhichini kapena ndi mawaya a magetsi ndiwo nkhuni zolinda moto. Cisa ca m'ngalande ya malata citseka njira ya madzi, nicidetsa madzi a mvula amene amai achinga mu mgolo. Ndipo pamene pali mazira ndi ana njoka ifikapo.

Nanga ticite ciani? Lamulo loyamba ndi ili: cisa cokhala ndi mazira kapena ana sicikhudzidwa. Mulungu mwini anasamala kanthu aka. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, Mose analamula Aisraele kuti munthu wopeza cisa panjira asatenge mai pamodzi ndi ana, koma amleke maiyo amuke. Ndipo mphotho yolonjezedwa pa lamulo laling'onoli, ndiyo moyo wautali, ifanana ndi ya lamulo lacinai lolemekeza atate ndi amai. Ngati munthu wofuna ndiwo anaikiridwa malire otere, nanga ife amene tifuna kugumula cisa cifukwa ca zitosi zokha?

Kuno kwathu mbalame siziikira mwezi umodzi zonse: mpheta zoluka zicurutsa zisa m'dzinja, anamzeze ena ayamba mvula isanagwe, ndi njiwa ziikira pafupifupi caka conse. Cifukwa cace kalendala sangathe kutiuza kuti cisa catha nchito. Maso ndiwo adzatiuza, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Khalani capatali m'mawa ndi madzulo masiku atatu kapena anai. Mukaona mbalame irikulowa ndi kanthu kukamwa, mukamva kulira kwa ana, mukapeza pansi zitosi zatsopano kapena makoko a mazira, cisa ciri ndi eni ace, ndipo muyenera kulinda. Masabata 6 si ambiri; wofolera angathe kuyamba mbali yina ya nyumba, natsiriza ndi mbali ya cisa. Za zitosi mankhwala ace ngapafupi: khomerani kathabwa kapena pacikani licero lakale monga mkono umodzi pansi pa cisa, kapena thirani phulusa ndi mcenga pansi kuti kusesa kupepuke. Musaanike ufa pamenepo, musaikepo mtsuko wa madzi, ndipo khanda lisagonekedwe pansi pace.

Ana akadza ndi kamwana ka mbalame m'manja, yang'anani nthenga zace. Kakakhala kamalisece, kapena ka nthenga zongophuka kumene, kagwa nthawi isanakwane. Kabwezereni m'cisa ngati mucifikira. Mau aja akuti mbalame ikana mwana wogwiridwa ndi munthu si oona. Makolo apitirira kumdyetsa. Koma kakakhala ka nthenga zonse, kolumphalumpha pansi, sikanatayike ai: kalikuphunzira kuuluka, ndipo makolo ali pafupi, alikulinda kuti inu mucoke. Kaikeni pa nthambi, mangani garu, tsekerani mphaka, ndipo mukaleke. Kukatengera m'nyumba ndi kukapatsa nsima ndi madzi ndico cifundo cakupha, pakuti mimba yace ifuna tizirombo tofewa kawirikawiri tsiku lonse, nchito imene munthu saikhoza.

Tifike tsono pa zisa zakale. Si zonse ziyenera kucotsedwa. Cisa ca namzeze cimene ciri pa malo osabvuta cilekeni, pakuti mwapulumutsa eni ace ku nchito ya masiku ambiri yotuta dothi, ndipo adzabwera. Ife pakhonde pathu tiri naco cimene caona madzinja anai. Pomata khoma amai acilambalala, ndipo nchenche za pakhomo zidziwa kuti mwini wace alipo. Zisa za m'mitengo zilekeninso. Mphepo ndi mvula zidziwa nchito yao. Kadzidzi akakhala m'denga la nyumba yogonamo anthu, lindani ana ace aturuke onse, ndipo musanatseke pobowoka mpangireni bokosi la matabwa pa mtengo kapena pa mlongoti kufupi ndi nkhokwe, monga acita alimi a ku Israel ndi a ku Malaysia, amene aitana akadzidzi dala kuti awaphere makoswe m'minda.

Zoyenera kucotsa ndizo zisa za m'kati mwa cipinda cogona, za pamwamba pa malo ophikira ndi osungira cakudya, za kufupi ndi moto kapena magetsi, za m'ngalande ya madzi, ndi ciri conse cimene caturutsa utitiri. Nchito imeneyi nja munthu wamkuru, si ya mwana ai, ndipo wokwera makwerero akhale ndi mnzace womgwirira. Poyamba gogodani cisa ndi ndodo yaitali, nimulinde pang'ono. Musalowetsemo dzanja konse, pakuti mungakomane ndi njoka, mabvu kapena cinkhanira. Mangani nsalu pa mphuno ndi pakamwa, wazani madzi pa cisa ndi pa zitosi kuti pfumbi lisauke, nimugwetsere zonse m'thumba kapena m'beseni lakale. Katentheni kutali ndi nyumba tsiku lopanda mphepo, kapena kwirirani m'dzenje. Musataye pa dzala pamene nkhuku zipalasa. Tsukani khoma ndi madzi otentha ndi sopo, sambani m'manja, capani zobvala. Musapopere m'nyumba mankhwala a thonje kapena a kumunda, pakuti poizoni wace aposa utitiri kuopsa. Ndipo tsiku lomwelo, mutapenyetsa kuti mulibe camoyo m'kati, matani mpatawo ndi dothi kapena tsekani ndi waya wa sefa. Mukapanda kutero mpheta idzabwera ndi udzu wina mawa lomwe. Cinanso: mukapeza mbalame zingapo zitafa pamodzi popanda bala, musazigwire ndi manja, musazidye, ana asaseweretse, dziwitsani mlangizi wa ziweto, pakuti cimfine ca mbalame cicokera ku mbalame za kuchire kunka ku nkhuku, ndipo nthawi zina cifika ndi kwa anthu.

Cotsala ndi ana athu, ndipo ndico cacikuru. Makolo anati timba sacepa ndi mazira ace. Nyumba ya kambalame ndi nyumba ndithu, ngakhale ilowa m'dzanja la mwana. Mnyamata wogwetsa cisa kuti aone mazira alikusweka sanapeze ndiwo. Wangophunzira kusekera cinthu copanda mphamvu, ndipo mtima wozolowera zotere sulekera pa mbalame: mawa udzasekera wopunduka ndi nkhalamba. Atate akuona ici nakhala cete aphunzitsa mwana wao ngakhale sananene kanthu. Ambuye Yesu mwini, pofuna kuonetsa umphawi wace, anachula mbalame zimene ziri ndi pogona pamene Iye analibe. Ndipo pofuna kuticotsa mantha anachula mpheta, zimene Atate aziyang'anira ngakhale ziri zotsika mtengo pa msika. Francis Woyera wa ku Assisi, amene anamwalira m'caka ca 1226, anayesa mbalame abale ace. Mbiri yace isimba kuti pa mudzi wa Alviano anamzeze omanga zisa anasokosa kotero kuti anthu sanathe kumva ulaliki. Ndipo iye sanatume munthu kukagumula zisazo, koma anapempha mbalame zikhale cete kufikira atatha, nizikhaladi cete. Papa John Paul II m'caka ca 1979 anamuika nkhoswe ya anthu osamala zolengedwa, ndipo Papa Francis m'caka ca 2015 analembera anthu onse kalata yochedwa Laudato Si' pa nkhani yomweyi.

Tsiku la Francis Woyera, pa 4 Okutobala, lifika pa nyengo imene mitolo ya udzu iri pakhomo ndi ofolera alikukonza luzi. Tikupemphani kuti sabata limenelo banja lonse lizungulire nyumba, khichini, khola ndi nkhokwe, kuwerenga zisa ndi kupangana za ciri conse: ici ticileka, ici tilinda, ici ticotsa Loweruka. Mwana ali yense wa msinkhu wa sukulu mumpatse cisa cimodzi cakuti aciyang'anire capatali, nadze kudzanena tsiku limene ana aswa ndi tsiku limene auluka. Pakuti mwana amene wawerenga masiku a cisa sacedwa kuleka kuciponya miyala. Mulungu adalitse nyumba zanu, ndi onse akugona pansi pa tsindwi lanu.